KACIWALO KAKANG'ONO KA M'MUTU NDI MOYO WA AMAI OBEREKA

Nkhani iyi yakonzedwa kuti ikambidwe pa bwalo la mfumu, pa sikelo ya ana, kapena pa msonkhano wa komiti ya zaumoyo. Wodziwa kuwerenga awerengere anzake mokweza ndi mosathamanga.

Mafumu, anyakwawa, abambo ndi amai:

Munthu ali yense amene anasendapo mbuzi adziwa mtima, ciwindi, mapapo, impso ndi kapamba, pakuti ziwalo izi zioneka poyera, ndipo za munthu zifanana nazo. Koma kalipo kaciwalo kena kamene osenda nyama sakaona, cifukwa kabisala m'kati mwa mutu, pansi pa ubongo. Madotolo akachula kuti pituitary. Ukulu wake ndi ngati nyemba imodzi, ndipo kulemera kwake ndi theka la galamu cabe. Ngakhale kali kakang'ono cotero, kakaonongeka munthu asauka thupi lonse. Nkhani ya mwezi uno ifotokoza zimene madotolo apeza pofufuza kaciwalo aka, ndi mankhwala amene atulukamo. Makamaka ikhudza amai obereka, pakuti alipo amai m'midzi amene adwala zaka zambiri nthenda ya kaciwalo aka, osadziwa kuti mankhwala ake alipo.

NCHITO YA KACIWALO AKA

Kaciwalo aka kakhala m'kadzenje ka pfupa, kumbuyo kwa mphuno, pakati peni peni pa mutu. Kalendewera ku ubongo ndi kaphesi, monga cipatso cilendewera ku nthambi. Pamwamba pake papita mitsempha ya maso, pamene ipingasana popita ku ubongo.

Nchito yake ifanana ndi ya nyakwawa. Ubongo ndiwo mfumu, ndipo mfumu ikalamula, nyakwawa atuma amithenga ku midzi yonse. Amithenga a kaciwalo aka ndi timadzi tamphamvu timene tiyenda m'mwazi, ndipo madotolo atichula kuti mahomoni. Mthenga wina apita ku mafupa kuti mwana akule. Wina apita ku cithokomiro, ciwalo ca pakhosi, kuti thupi likhale lofunda ndi lacangu. Wina apita ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, timene titulutsa homoni yochedwa cortisol. Iyo ndiyo icirikiza munthu pa nthawi ya malungo, ya njala kapena ya ngozi. Ena awiri ayang'anira kusamba kwa amai ndi mbeu ya abambo. Wina, dzina lake prolactin, auza mawere kupanga mkaka. Onsewa acokera ku mbali ya kutsogolo ya kaciwaloko. Ku mbali ya kumbuyo kucokera awiri. Woyamba auza impso kuti zisataye madzi ambiri. Waciwiri, dzina lake oxytocin, auza ciberekero kuti cifinyike, ndi mawere kuti atsitse mkaka pamene mwana ayamwa. Dzina ili la oxytocin mulisunge, pakuti limvekanso kutsogolo.

Tsono nyakwawa ameneyu angalakwe mwa njira ziwiri: kutuma amithenga opitirira muyeso, kapena kuleka kutuma. Zonse ziwiri ndi nthenda.

M'MENE MADOTOLO ANAPHUNZIRIRA

Kwa zaka mazana ambiri asing'anga a ku Ulaya anaganiza kuti nchito ya kaciwalo aka ndi kutsitsa mamina kucokera ku ubongo kupita ku mphuno, ndipo dzina lake licokera ku liu la Cilatini lotanthauza mamina. Amene anawathandiza kuzindikira zoona ndi anthu okula modabwitsa.

Ku Ireland kunali mnyamata dzina lake Charles Byrne, wotalika mamita 2.3, kotero kuti anthu a ku London analipira ndalama kuti akamuone. Anamwalira mu 1783 ali ndi zaka 22, ndipo mafupa ake anasungidwa m'nyumba ya madotolo mumzinda womwewo. Mu 1886 dotolo wa ku Paris, Pierre Marie, anafotokoza nthenda ya akulu akulu amene manja, mapazi ndi cibwano zikulirakulira ngakhale msinkhu unatha kale, anaicha acromegaly. Mu 1909 dotolo wa ku America, Harvey Cushing, pamodzi ndi Arthur Keith, anatsegula cibade ca Byrne uja, napeza kuti kadzenje kaja kanakula kwambiri, umboni wakuti munali cotupa. Kotero zinadziwika kuti nthenda ziwirizi ndi imodzi. Cotupa cikatulutsa mthenga wokulitsa wopitirira muyeso mwa mwana, mwanayo atalika kopambana. Cikatero mwa wamkulu amene mafupa ake anakhwima, zikula ndi manja, mapazi ndi nkhope. Ndipo mu 2011 ofufuza a ku London, atayesa mano a Byrne, anapeza kuti nthenda yake inali ya kumtundu, ndi kuti mabanja ena a kumpoto kwa Ireland akali nayo.

Kucotsa cotupa cobisika pakati pa mutu inali nchito yoopsa. Mu 1907 Hermann Schloffer, ku Innsbruck m'dziko la Austria, anapeza njira yodzera m'mphuno. Njira yomweyo ndiyo itsatidwa kufikira lero, koma tsopano madotolo alowetsa kapaipi kokhala ndi nyali ndi kamera, ndipo wodwala atuluka wopanda cipsera pamutu. Makina ochedwa MRI atha kujambula cotupa cacing'ono ngati njere ya mapira.

Zotupa izi pafupifupi zonse si khansa ai. Mu 2006 ofufuza a ku Liège m'dziko la Belgium anawerenga, napeza kuti munthu mmodzi mwa anthu 1,000 ali ndi cotupa ca mtundu uwu cimene cimbvuta. Cofala kopambana ndi cimene citulutsa prolactin wambiri. Mai wotere atuluka mkaka ngakhale alibe khanda, aleka kupita kumwezi, ndipo satenga pakati. Bambo wotere amtha mphamvu za m'nyumba. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 alipo mapiritsi ochedwa bromocriptine, ndipo pambuyo pake anabwera ena ochedwa cabergoline, amene afotetsa cotupaco popanda mpeni. Amai ambiri amene anachedwa osabereka alera ana cifukwa ca mapiritsi amenewa.

Cotupa cikakula cikanikiza mitsempha ya maso ija. Munthu aona bwino kutsogolo, koma m'mbali saona. Agunda mphuthu za khomo, ndipo njinga yocokera kumbali imdzidzimutsa. Wotere, makamaka ngati mutu umpwetekanso masiku onse, afulumire ku cipatala, pakuti cotupa cikacotsedwa msanga maso abwerera, koma akacedwa khungu likhala la muyaya.

NTHENDA YA AMAI OTAYA MWAZI

Izi zonse ndi nthenda za nyakwawa wotuma mopitirira, kapena wotupa. Koma nthenda imene ikhudza midzi koposa ndi ya nyakwawa woleka nchito, ndipo maonekedwe ake ndi awa.

Mai abereka mobvutika, nataya mwazi wambiri mpaka kukomoka, koma apulumuka. Ali m'cikuta, mawere ake sabwera mkaka, ngakhale amwe thobwa lotani. Miyezi ipita, caka citha, koma iye sapitanso kumwezi, ndipo satenganso pakati. Tsitsi la m'khwapa ndi la kumalo obisika lithothoka. Amva kuzizira ngakhale m'mwezi wa October. Khungu lake liuma ndi kutuwa, cizungulire cimgwira akaimirira, ndipo khasu, munsi ndi mtsuko zimlemera. Alankhula pang'ono pang'ono, naiwala zinthu. Abale ena ati ndi ulesi, ena ati ndi tsempho, ena ati walodzedwa; mbuzi ndi nkhuku zitha kulipira maula, ndipo mabanja ena atha kumene. Pamapeto pake adwala malungo kapena kutsegula m'mimba kumene wina akadacira masiku atatu, koma iye akomoka, ndipo ena atsirizika pomwepo.

Amene anafotokoza ciyambi ca nthenda iyi ndi Harold Sheehan, dotolo woyesa matupi a akufa pa cipatala ca amai ca Glasgow Royal Maternity Hospital ku Scotland. Asanabwere iye, mu 1914, Morris Simmonds wa ku Hamburg anaona kale kufota kwa kaciwalo aka mwa mai wina, koma anaganiza kuti cocititsa ndi tizirombo tolowa m'mwazi pobereka. Sheehan anayesa mosamala matupi a amai amene anamwalira atangobereka, nafananiza ndi mbiri ya kubereka kwao, ndipo mu 1937 anasonyeza kuti cocititsa ceni ceni ndi kutaya mwazi ndi kukomoka. Cifukwa cake nthendayi ichedwa ndi dzina lake, nthenda ya Sheehan.

Zicitika motere. Pa nthawi ya pakati kaciwalo kaja kakula pafupifupi kuwirikiza kawiri, pokonzekera kuyamwitsa, ndipo kafuna mwazi wambiri kuposa kale. Koma mitsempha yake ndi yaing'ono, ndipo kadzenje kamene kakhalamo sikakula nako. Tsono mai akataya mwazi wambiri, wotsalawo sufikanso mokwanira kumeneko, ndipo mbali ya kutsogolo ifota nifa, monga mbeu za m'dimba pamene citsime caphwa. Mbali imene yafa siphukanso. Mthenga wa mkaka ndiye ayamba kusowa, ndipo enawo atsatira, mwina msanga, mwina pang'ono pang'ono. Ndico cifukwa cake amai ambiri apezeka ndi nthendayi patapita zaka 10 kapena kuposa, pamene ali yense anaiwala za kubereka kuja.

Pano pafunika kumvetsa bwino. Si mai ali yense wotaya mwazi amene adwala nthenda iyi, ndipo si mai ali yense wocepa mkaka amene ali nayo. Koma zitatu izi zikakumana, kutaya mwazi wambiri pobereka, kusabwera kwa mkaka, ndi kusabwereranso kumwezi, mai ameneyo ayenera kuonedwa ndi dotolo.

MANKHWALA OLOWA M'MALO

Madotolo sangathe kudzutsa kaciwalo kakufa, koma atha kupereka zimene amithenga ake akadabweretsa. Mu 1927 Charles Harington ndi George Barger a ku Britain anapanga homoni ya cithokomiro. Mu 1948, pa cipatala ca Mayo Clinic ku America, mankhwala a cortisone, mbale wake wa cortisol, anaperekedwa koyamba kwa mai wodwala nyamakazi. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Rosalyn Yalow ndi Solomon Berson a ku New York anapeza njira yoyesera mahomoni m'mwazi wocepa, ndipo mai Yalow analandira mphoto ya Nobel mu 1977 cifukwa ca nchito imeneyi. Kotero lero dotolo atenga mwazi pa mkono, naona mthenga amene asowa.

Wodwala nthenda ya Sheehan apatsidwa mapiritsi a hydrocortisone kapena prednisolone m'malo mwa cortisol, ndi a levothyroxine m'malo mwa homoni ya cithokomiro. Wocepa zaka apatsidwanso mahomoni a cikazi kuti mafupa asafooke. Patapita masabata owerengeka cizungulire cicepa, thupi lifunda, ndipo mai amene anagona zaka abwerera ku munda. Ena, ndi cithandizo ca madotolo akulu, aberekanso.

Koma mankhwala awa ali ndi malamulo ake. Amwedwa masiku onse, moyo wonse, ngakhale munthu amve bwino. Kuleka mwadzidzidzi kungaphe. Pa nthawi ya malungo, ngozi kapena opareshoni, muyeso wa hydrocortisone uyenera kuonjezedwa monga dotolo analangiza, ndipo wodwala akayamba kusanza kotero kuti mapiritsi sakhala m'mimba, atengedwe ku cipatala tsiku lomwelo kuti akabaidwe jekeseni. Buku lake la cipatala liyende naye kuli konse. Ndiponso dotolo yekha ndiye adziwa mankhwala oyambira, pakuti kuyamba ndi a cithokomiro cortisol akali kusowa ndi koopsa.

Munthu wopanda nthendayi asagule prednisolone kapena dexamethasone pa msika kuti anenepe kapena kuti mafupa aleke kupweteka. Mapiritsi amenewa akaculuka, nkhope itupa nikhala yozungulira, mimba ikula, miyendo iwonda, ndipo shuga ndi kuthamanga kwa mwazi zikwera. Awa ndi maonekedwe omwewo a nthenda ya cotupa imene Cushing anafotokoza mu 1932. Mafuta ena oyeretsa khungu alinso ndi mankhwala a mtundu womwewu.

MANKHWALA OCOKERA M'KACIWALO KOMWEKO

Kuciza kulipo, koma kupewa kuposa. Ndipo codabwitsa ndi ici, kuti mankhwala oteteza kaciwalo aka anapezeka m'kaciwalo komweko.

Mwana akabadwa, nsengwa icoka pa ciberekero nisiya mitsempha yotseguka. Cimene citseka mitsemphayo ndi kufinyika kwa ciberekero. Cikakhala colobodoka, mwazi uyenderera, ndipo ici ndico cicititsa kutaya mwazi mwa amai ambiri. Mu 1906 Henry Dale wa ku London anapeza kuti madzi ofinyidwa ku mbali ya kumbuyo ya kaciwalo ka ng'ombe afinyitsa ciberekero. Mu 1909 William Blair-Bell wa ku Liverpool anayamba kuwapereka kwa amai otaya mwazi. Mphamvu imene inali m'madziwo ndi oxytocin uja. Mu 1953 Vincent du Vigneaud wa ku America anatha kumpanga popanda ng'ombe, nalandira mphoto ya Nobel mu 1955. Jekeseni imene anamwino abaya mai pa nchafu mwana atangobadwa ndi yomweyi. M'maiko amene amai pafupifupi onse acirira ku cipatala, nthenda ya Sheehan tsopano isowa.

Kufufuza sikunathere pamenepo, pakuti kutaya mwazi ndiko kupha amai obereka ambiri pa dziko lonse. Mu 2017 ofufuza a ku London, atayesa amai 20,000 m'maiko 21, anasonyeza kuti mankhwala ochedwa tranexamic acid, akaperekedwa maola 3 asanathe, apulumutsa pafupifupi mmodzi mwa amai atatu amene akadafa ndi mwazi. Oxytocin afuna kusungidwa m'firiji, ndipo kumalo otentha opanda magetsi atha mphamvu; tsono mu 2018 bungwe la World Health Organization, litayesa amai pafupifupi 30,000 m'maiko 10, linapeza kuti mbale wake wochedwa carbetocin, wopirira kutentha, ateteza mofanana. Mu 2023, m'zipatala za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, anamwino anayala pansi pa mai pulasitiki yokhala ndi thumba la muyeso kuti mwazi uwerengedwe m'malo mongoganizira ndi maso, ndipo muyeso ukakwana anapereka zithandizo zonse nthawi imodzi. Mwa amai oposa 200,000, ngozi zazikulu za mwazi zinacepa ndi 60 pa 100 ali yense.

Muyeso woopsa ndi theka la lita. Ku Tanzania ofufuza anapeza kuti nsalu ziwiri za amai zikanyoweratu ndi mwazi, muyeso umenewu wapitirira.

ZOYENERA KUCITA PA MUDZI

Coyamba, mai ali yense woyembekezera ayambe sikelo msanga, amwe mapiritsi oonjezera mwazi ndi oteteza malungo, ndipo agone m'neti. Mai wocepa mwazi kale sapirira kutaya ngakhale pang'ono.

Caciwiri, acirire ku cipatala, monga Boma lilangiza. Ngakhale nchembere ya ana asanu imene sinabvutikepo ingataye mwazi pa wacisanu ndi cimodzi, pakuti cakudza siciimba ng'oma. Okhala kutali apite masiku asanakwane, akadikirire pafupi ndi cipatala. Abambo akonzeretu ndalama ndi njira ya ulendo, ndipo asayembekeze kuti mwini mbumba abwere kudzabvomereza pamene mwazi uli kutuluka.

Cacitatu, mankhwala a mwanamphepo ndi ena ofulumizitsa kubereka asaperekedwe, pakuti muyeso wa mphamvu yao sudziwika, ndipo angang'ambe ciberekero.

Cacinai, mwana akabadwira pa njira kapena pa mudzi, aikidwe ku bere nthawi yomweyo, pakuti kuyamwa kudzutsa oxytocin wa mai mwini wake. Mwazi ukaculuka, wina atikite pamimba, pansi pa mcombo, kufikira ciberekero cilimbe, ndipo ulendo wa ku cipatala uyambike pompo. Nsalu zonyowa zitengedwe kuti anamwino akaone. Anyamata ndi abambo amphamvu asakane kupereka mwazi akapemphedwa.

Cacisanu, mkaka ukapanda kubwera masiku oyamba, mai ndi mwana apite ku cipatala msanga. Khanda lisapatsidwe phala kapena madzi a shuga. Anamwino adzalangiza codyetsa coyenera.

Cacisanu ndi cimodzi cikhudza amai amene anabereka kale kale, nakhala ofooka kucokera nthawi imeneyo. Abale ao awaperekeze ku cipatala ca Boma, ndipo akafika asangoti "thupi lonse liwawa" ai. Auze dotolo momveka kuti anataya mwazi wambiri pobereka m'caka cakuti, kuti mkaka sunabwere, ndi kuti sanasambenso. Mau atatu amenewa ndiwo adzatsogolera dotolo ku nthenda yeni yeni, ndipo ngati zoyesera palibe pamenepo, adzalemba kalata ya ku cipatala cacikulu. Za kumwezi ndi za tsitsi ndi zobvuta kuzichula, koma dotolo ndi namwino asunga cinsinsi, ndipo mai angapemphe kulankhula ndi namwino wamkazi.

Mafumu ndi anyakwawa apemphedwa kufalitsa mau awa m'midzi yao, ndipo anankungwi ndi alangizi a zaumoyo awakambe ndi amai pa okha. Amene adziwa mai wa maonekedwe awa asamseke kapena kumnena ulesi, koma amthandize kufika kwa dotolo mwezi uno usanathe.